Dzanja Lamanzere la Bambo Zuze

Mwezi watha adzukulu anamanga chiliza pa manda a bambo anga, a Zuze Kampira, kwathu kwa Ndamera. Simenti anagula okha, ine yanga inali kukhala pa mpando pafupi ndi omanga kuti thumba lina lisalowere kwina. Pa mwambo wake anaimirira mkulu wa mpingo, munthu amene anali kuyamwa pamene bambo ankamwalira, n'kunena kuti malemuwa anali ofatsa, osadziwa kukangana. Ndinayang'ana pansi. Nthawi ya chakudya ndinamvanso mayi wina kumbuyo kwanga akuuza mnzake kuti a Zuze ndi aja anakwiyira mpongozi wawo mpaka kukana kuwomba m'manja. Onse awiri ananama, wina mokometsa, wina moipitsa. Ndiye ndati ndilembe ndekha, poti nkhani ukaisiyira anthu aliyense amathiramo mchere wake.

Bambo sanali ofatsa. Ankakangana ndi mbuzi, ankakangana ndi wailesi, ankakangana ndi amayi mpaka tsiku limene amayi anatisiya, ndipo pambuyo pake ndinawapezapo akudzudzula mpando umene amayiwo ankakhalira. Akakwiya simunkasowa kufunsa. Ankayamba kung'ung'udza kanyimbo m'mphuno, kenaka mawu n'kusefukira ngati Shire nthawi ya dzinja. Chimang'anja chikawathera ankapitiriza m'Chisena, Chisena chikatha ankatola Chipwitikizi chochepa chimene anaoloka nacho ali mnyamata. Mkwiyo wachete sankaudziwa. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Koma munthu wokangana chonchi panalibe womuposa pa moni. Kwathu amuna akakumana amawomba m'manja, manja atawapinda ngati akusunga dzira, ndipo a bambo ankamveka mpaka ku chitsime. Anali ndi kawombedwe ka mlendo, ka namfedwa, ka munthu amene anayambana naye dzulo. Ngakhale mwana wowapatsa madzi ankamuwombera asanalandire chikho, n'kulandira ndi manja awiri, n'kunena kuti takhuta, zikomo wa kwathu. Ankati pakamwa pamatha kupereka moni mtima uli kwina, koma manja salola kutumidwa bodza. Munthu wopereka moni manja ali m'thumba ankamuyang'ana ngati wabwera wosavala.

Ntchito yawo inali thonje kumtunda ndi mbatata ku dimba, koma anthu ankawadziwa ndi ulimba. Unkakhala pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba, matabwa a mlombwa atandandalikidwa pamwamba, zikho zikulendewera pansi pake, kuyambira kakang'ono ngati chibakera mpaka chachikulu ngati mtsuko. Ankati dzanja lamanja ndi mnyamata wolongolola, limathamanga kuti anthu alione, koma lamanzere, lija loimba matabwa a mawu aakulu, ndi mayi wa pa nyumba, likaleka nyimbo imagona ndi njala. Dzina langa lachiwiri linachokera pa ulimba womwewo. Ndili wamng'ono anandiuza kuti m'zikho muja mumakhala njuchi zoimba. Ndinadikira apite ku dimba, n'kuswa chikho chimodzi kuti ndizione. Anakalipa tsiku lonse m'zilankhulo zonse zitatu, madzulo n'kundiitana kuti Tomasi, ngati wophunzira uja anafuna kupisa chala m'bala. Mpaka kufa kwawo sananditchulenso Esinta.

Sankaimba okha. Mbali ina ya ulimba kunkakhala a Jofilisi, mnzawo wa paubwana, msodzi wa m'dambo la Ndindi. Inali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi imene pa msika sunkalowa wopanda khadi ndipo anyamata a malaya ofiira ankaima pa chipata. Tsiku lina pa mowa a Jofilisi anafunsa ngati ng'ona za m'Shire nazonso zinagula makhadi, poti zikudya bwino kuposa anthu. Amene anakanena sitinamudziwe mpaka lero, ngakhale ine ndili ndi mayina awiri m'mutu. Galimoto inabwera, a Jofilisi anapita, ndipo sanabwerenso.

Bambo sanalankhulepo kanthu, zimene zinandiopsa. Patapita miyezi anatulutsa nyimbo yatsopano, yopanda mawu, yokoma moti amayi a chipani ankaipempha pa msonkhano uliwonse. Bambo ankanyamulidwa ndi ulimba wawo kukaimba pa bwalo, amayi a zitenje zofanana akuvina, akuluakulu a pa tebulo akugwedeza mitu. Ine ndinkayang'ana milomo ya bambo. Inkayenda pang'ono, yosatsegula. Ndinawafunsa tili awiri ngati nyimboyo ili ndi mawu. Anayang'ana ku mpanda, anayang'ana ku nkhokwe, n'kundiuza kuti mawu alipo, koma ali m'nyumba yopanda chitseko. Anagogoda pa mutu pawo.

Matenda a mtima anabwera pang'onopang'ono, zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki inali pakati ndipo mudzi wathu unadzaza ndi othawa. Mpweya unayamba kuwathera pokwera kuchokera ku dimba. Mapazi anatupa. Iwo ankati ndi nsapato zachepa, chonsecho nsapato ankavala la Mulungu lokha. Mchimwene wanga Lazalo, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Halale, anabwera n'kuwatenga. Kumeneko madokotala anapeza kuti kachitseko kena ka mu mtima katha, anawang'amba pa chifuwa n'kuika kachitsulo. Kachitsuloko kankagunda ngati wotchi. Masana kukakhala zii unkakamva uli pa mkeka womwewo, ndipo m'zaka zotsatira bambo ankakonda kuitana ana kuti aike khutu pa chifuwa, n'kuwauza kuti anameza wotchi ya mzungu, mwini wake akuifunabe.

Lazalo sanapatsidwe tchuthi chowaperekeza, choncho anabwera nawo ndi mkazi wake, mlamu wanga Malita. Makolo a Malita anali a kwa Kasisi, koma iye anakulira m'tauni ku Halale komweko. Ankavala nsapato za gogoda, Chimang'anja chake chinali chosakaniza, ndipo kuno anthu anali atamuweruza kale asanatsegule pakamwa. Inenso sindinkamukhulupirira, koma pamenepo musawerengepo kanthu, poti ine sindikhulupirira ngakhale sikelo ya ku chipatala. Anakwera ndege mpaka ku Blantyre, sitima kuchokera ku Limbe mpaka pa boma la Nsanje, ngolo kufika kwathu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda zitayasama. Mudzi wonse unasonkhana pa bwalo. Bambo anatsika pa ngolo atavala jekete, dzanja lamanzere lili m'thumba. Anawakhazika pa mpando. Amuna anakhala pansi n'kuyamba kuwomba m'manja, onse pamodzi, monga amachitira polandira munthu wochokera kutali. Atamaliza anadikira.

Bambo anangogwedeza mutu.

Amuna aja anayang'anana. Anawombanso kachiwiri. Bambo anayang'ana pansi, mlomo utakokekera mbali imodzi ngati munthu wonyansidwa. Malita anathamanga kukatunga madzi, anagwada, anapereka. Bambo anatambasula dzanja limodzi, lamanja, osawomba, osanena takhuta, ndipo pomwa madzi ena anatsikira pa jekete. Malita atafuna kupukuta anamukankha ndi chigongono.

Azakhali a Tsalani, mlongo wawo wa bambo, ndiwo anali oweruza za pa banja pathu, ndipo sanachedwe. Anatiitanira kuseri kwa khitchini, ine ndi Malita.

"Iwe mkazi wa Lazalo, achimwene wawachita chiyani panjira?"

"Palibe, azakhali."

"Palibe bwanji? Munthu amene amawombera ndi ana omwe, lero alandire madzi ako ndi dzanja limodzi ngati akulanda? Unawalankhula chiyani?"

"Tachoka bwinobwino. Ku Limbe amaseka ndi anthu a m'sitima. Titadutsa pa Chiromo anagona, podzuka pa Bangula ndinawapatsa tiyi, kapu inagwa. Kuyambira pamenepo sakundiyankha."

"Unawapatsa utaimirira."

"M'sitima munalibe pogwada, azakhali, munadzaza."

"Wamva, Esinta? Ataimirira. Apongozi ake."

Nkhani inathera pomwepo. M'mawa mwake Malita anavula nsapato zake, anamanga chitenje, anagula tambala kwa aneba, n'kuyenda chogwada kuchokera pa khomo la khitchini mpaka pa mapazi a bambo, amayi a m'mudzi akuonerera. Anapepesa chifukwa cha tiyi, anapepesanso china chilichonse chimene sakuchidziwa. Bambo anayang'ana kumbali n'kutulutsa mawu amodzi olemera, oti chabwino. Azakhali anati mkwiyo wa akulu sutha tsiku limodzi, tiwapatse nthawi. Anthu anabalalika atakhutira, poti chimene ankaganizira mkazi wa m'tauni chinali chitatsimikizika.

Ine sindinakhutire. Bambo okwiya osang'ung'udza? Bambo olakwiridwa osafotokozera mudzi wonse, kuyambira pamene cholakwacho chinabadwira? Ndinayamba kuwazonda. Jekete sankavula, thukuta likuchita kuyenderera. Popita kuseri ankadikira pa bwalo pathe anthu, ndipo ndinaona mzere m'fumbi pamene phazi lamanzere linkakokeka. Ulimba, umene anausiya miyezi yonseyo, sanauyang'ane n'komwe. Ndinawafunsa ngati akumva kuwawa. Anati nkhabe, ayi wa Chisena. Ndinafunsa za dzanja. Anati lili m'thumba mwake, kodi thumbalo ndi langa?

Mwana wanga wamkazi anali atabereka bambo ali ku Halale. Ndinakatenga khandalo, n'kupita nalo pamene anakhala, pansi pa masawu. Bambo ndi makanda zinali ngati ntchentche ndi mango, ndipo ana onse a pa banja pathu anayamba kuvinitsidwa m'manja mwawo. Ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kutambasula mwanayo.

"Baba, landirani mlendo wanu. Wakhala akukudikirani kuti mumutche dzina."

Anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Dzanja lamanja linanyamuka lokha, n'kuima m'malere. Ine sindinabweze, ndinasendezabe.

"Tomasi," anatero, lilime likulemera. "Chotsa mwanayo. Ndimugwetsa."

Ndinamuika mwanayo pa mkeka, n'kupisa dzanja langa m'thumba la jekete lija. Ndinatulutsa dzanja la bambo. Linali lofunda, lamoyo, koma nditalisiya linagwera pa bondo ngati mlamba wakufa.

"Ndiye mwalola mwana wa eni ake ayende chogwada pa fumbi, anthu akumuseka, chifukwa cha ichi?"

"Ndikanati chiyani? Zuze wabwera, koma theka?"

"Mukanati dzanja lafooka."

"Pamaso pa anthu onse aja? Dzanja la matabwa aakulu?"

"Tambala munadya."

"Anali wolimba," anatero. Anayesa kuseka, mbali imodzi yokha ya nkhope ndiyo inavomera, ndipo misozi inatsika mbali zonse ziwiri.

Tinapita nawo ku chipatala cha pa boma, ine ndi Malita, pa ngolo yomwe ija. Dokotala wake anali wachinyamata, ndipo ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akungotithamangitsa, koma anawapima mofatsa. Anawauza kuti akweze manja onse, aonetse mano, amufinye zala. Anaona chipsera cha pa chifuwa, anamvetsera wotchi ija, n'kufunsa mapiritsi amene akumwa. Kenaka anatifotokozera. Munthu akachitidwa opaleshoni ya mtima, makamaka wachikulire, kachibuluma ka magazi oundana kamatha kunyamuka n'kukatseka mtsempha wa m'mutu. Ndiye chifukwa chake anapatsidwa mapiritsi osungunula magazi. Koma mapiritsi omwewo akachuluka mphamvu, mtsempha umatha kuchucha m'mutu momwemo. Kunja zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi: dzanja kugwa, mlomo kupotoka, lilime kulemera.

"Ngati kwatsekeka, mapiritsi awa ndi ofunika, mwinanso awonjezedwe. Ngati kukuchucha, mapiritsi omwewa awapha. Ine kuno sindingaone. Makina athu amajambula mafupa okha, ndipo ojambula ubongo m'dziko muno sindinamve kuti alipo. Abwerere kumene anawang'amba, msanga."

Apa ndi pamene Malita analankhula, maso ali pansi. Anati ku Halale bambo anachedwa kutsitsimuka pambuyo pa opaleshoni, ndipo madokotala anafuna kuwajambula m'mutu asanawatulutse. Bambo anakana mpaka anthu anatopa nawo. Madokotala analankhulanso zambiri ndi Lazalo m'Chingerezi, akuloza pakamwa ndi pa mkono pomuchenjeza zoti tiziyang'anira, koma chimene Lazalo anamuuza mkazi wake pokwera ndege n'chakuti bambo asagwire khasu. Mchimwene wanga ndi wotero. Mukamutuma mawu khumi amafika ndi awiri, aja osavuta kunyamula.

Malita anakaimba lamya ku positi ofesi, ndipo Lazalo anati akonza ulendo. Tinabwerera kumudzi kukadikira, ine m'mawa uliwonse ndikuwapatsa piritsi losadziwa ngati ndi mankhwala kapena chiphe. Ndinkaliika m'dzanja lawo lamanja, n'kuyang'ana kumbali.

Koma bambo anati sapita. Kubwerera ku Halale sankakana. Chimene ankakana ndi makinawo. Azakhali, amene tsopano ankayenda mozemba Malita, anayesa kuwanyengerera, analephera. Abusa anayesa. Ine ndinadikira onse achoke.

"Baba, anakung'ambani chifuwa, anagwira mtima wanu ndi manja, simunaope. Lero muope kujambulidwa?"

"Mu mtima mulibe mawu."

Ndinamva pomwepo, koma ndinafuna anene okha.

"Ndinawaona makinawo," anatero, akulankhula pang'onopang'ono kuti mawu asagwe. "Amakulowetsa mutu m'chibowo. Kuseri kwa galasi kumakhala anthu, akuona zonse za m'katimo pa kanema. Chithunzicho amakupatsa m'manja, udutse nacho pa bwalo la ndege, pamene apolisi amatsegula ndi mabuku a nyimbo za m'tchalitchi omwe. Jofilisi anapita ndi chiganizo chimodzi. Ine ndili ndi nyimbo yathunthu, ndipo anaivina akazi awo."

"Makina amaona nyama ndi magazi basi. Dokotala wanena."

Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi diso lija labwino.

"Iwe Tomasi, lero wayamba kukhulupirira?"

 Zoona zake, inenso sindinkadziwa chimene makinawo amaona. Masiku amenewo tinkamva kuti makalata amawerengedwa, lamya imamvetseredwa, ndipo munthu wokhala naye pa mkeka umodzi ankatha kukhala khutu la ena. Ndani akanandilumbirira kuti chinthu choona m'kati mwa fupa chimalekera pa magazi? Ndinagona nazo. Kutacha ndinakumbukira zimene abale athu a kutsidya ku Mozambiki ankachita akafuna kudutsa pamene pali asilikali. Chinthu chimene safuna kuti chipezeke pa thupi pawo sankachibisa m'chitenje. Ankachisiya kwa mbale, n'kudutsa manja ali lende.

"Baba, sindikukhulupirira makinawo, ndipo sindidzawakhulupirira. N'chifukwa chake ndikuti nyimboyo musapite nayo. Isiyeni kuno."

"Ndiisiye kwa yani?"

"Mukudziwa munthu wina m'mudzi muno amene sanauzepo mnzake kanthu?"

 Bambo anati mbuzi ukaipereka kuti akusungire, ofufuza akabwera m'khola mwako amapeza ndowe zokha. Sindikudziwa ngati anakhulupiriradi kuti mawu akatuluka pakamwa amachoka m'mutu. Mwina anangotopa kuwanyamula okha. Sindinafunse.

Tinapita ku dimba m'mawa, dzuwa lisanakwiye, iwo pa njinga ya mwana wanga, ine ndikukankha. Ndinawakhazika pa mwadiya wakale wa a Jofilisi, bwato limene linali litaolera pa gombe poti panalibe wolimba mtima kulitenga. Ndinazungulira bango lonse ndi ndodo. Ndinapeza mayi wina akukumba nyika, timizu todyedwa ta m'dambo, ndinamuuza kuti taona ng'ona, anathawa. Nditabwerera bambo anayamba kugogoda pa bwato ndi dzanja lamanja, n'kundiuza kuti ine ndigogode za lamanzere. Anaimba ndi lilime lolemera lija, motsitsa, kubwereza mpaka nditaigwira. Poyamba ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Chakumapeto, pamene dzina la a Jofilisi limalowa, sindinaseke.

Atamaliza anapukuta pakamwa n'kunena kuti mutu wapepuka, tiyeni tikajambulitse nyumba yopanda katundu.

Anapita ndi Malita yemweyo. Ine ndinatsala, ndipo ndinamuuza mlamu wanga kuti asabwere ndi mawu a dokotala okha, abwere ndi chithunzicho, ndidzaone ndi maso anga. Masabata amene anakhala kumeneko ndinkalima ndi nyimbo ija m'kamwa, milomo yotseka, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake bambo ankaoneka ngati akutafuna kanthu pa misonkhano.

Anabwera mvula yoyamba itagwa. Kunali kutseka, osati kuchucha. Madokotala anati kachibuluma kanali kakang'ono, anakonza muyezo wa mapiritsi, n'kulamula kuti magazi azikapimidwa ku Blantyre kawirikawiri, poti kachitsulo kaja kakhoza kutumizanso kena. Bambo anatsika pa ngolo opanda jekete, dzanja lamanzere likulendewera poyera. Malita anatulutsa chithunzi chija, chakuda ngati cha mafupa, chokhala ndi timitu tambirimbiri m'mizere, ngati munthu wadula dzungu m'magawo. Ndinachikweza ku dzuwa pansi pa masawu. Ndinafufuza kagawo kalikonse. Mawu munalibe, ngakhale chilembo chimodzi cha nyimbo. Malita analoza kadontho kakuda mbali imodzi, kochepa ngati nthanga ya masawu, n'kunena kuti dokotala anati vuto lili pamenepo.

Bambo anapempha kuti aone. Anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali, n'kundikodola kuti ndiweramire pafupi.

"Wapaona, Tomasi? Ndi pamene inkakhala. Tikanachedwa akanaipeza."

Tsiku lomwelo anaitanitsa azakhali a Tsalani ndi amayi onse amene anaonerera tambala uja. Anamuuza Malita kuti akhale pa mpando wawo. Iye anakana, iwo anaumirira mpaka anakhala, m'mphepete mwenimweni. Bambo anatsika n'kukhala pa mkeka. Ananyamula dzanja lamanzere ndi lamanja, analigoneka pa bondo chagada, n'kuliwomba ndi linzake. Silinamveke mpaka ku chitsime. Linamveka ngati tsamba la nthochi likagwa. Anawomba nthawi yaitali, kawombedwe kaja ka munthu amene unayambana naye, n'kunena kuti apongozi, tambala uja ndinadya mwakuba. Anamupatsa mbuzi yaikazi. Azakhali anati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mwanayu ndi waulemu. Mwana wa mwana wanga uja anamutcha Malita, ndipo anamulandira atakhala pansi, ine nditachirikiza kumutu.

Za tambala anthu anazisunga, za mbuzi anaziiwala. Ndi mmene anthu alili.

Anakhala nafe mvula zina zingapo. Mwendo unabwerera, lilime linamasuka mokwanira kukangana ndi wailesi, koma dzanja linangobwerera theka. Linkagwira chikho, kamtengo koimbira ulimba linkakataya. Ankaimbabe ndi lamanja lokha madzulo, mbali yolongolola ija, ndipo pamene pankayenera kulowa matabwa aakulu ankasiya mpata, mutu ukugwedezeka. Amayi a chipani atabwera kudzapempha nyimbo ija anawaonetsa dzanja, n'kuwauza kuti nyimboyo inatsala ku chipatala. Ulendo uliwonse wa ku Blantyre tinkakangana, iwo akuti magazi awo atha ndi kupimidwa, ine ndikuti akwere sitima. Kachibuluma kachiwiri kanabwera m'mawa wina akusenda mbatata pa khonde, ndipo sikanali kakang'ono. Ndinaika khutu pa chifuwa pawo monga ankachitira ana aja. Wotchi inali itaima. Sanaone tsiku limene anthu anaponya voti yokana chipani chimodzi, anatsala pang'ono.

Adzukulu amandivutitsa kuti agogo, zinthu zinasintha kalekale, tiimbireni nyimbo ija tiijambule pa foni. Malita naye, asanamwalire, anandipempha kamodzi. Ndimawauza kuti munthu anandisungitsa, ndipo sanabwere kudzanena kuti ndigawe. Komanso amene anakanena a Jofilisi ali ndi adzukulu m'mudzi muno, ndipo foni sindikudziwa kumene imapereka zimene yamva.

Mtengo wa masawu ulipobe kuseri kwa nyumba. Matabwa a ulimba anadyedwa ndi chiswe chaka cha madzi osefukira, zikho ana anatungira madzi mpaka zinatha. Chatsala ndi miyala inayi imene bambo anakwirira pansi kuti miyendo ya ulimba isamire, ndi pamalo pena polimba, posamera udzu, pamene chidendene chawo chinkagunda. Ndimasesapo m'mawa uliwonse. Masawu akapsa amagwera pakati pa miyalayo, ndipo mbuzi zimabwera kudzatola popanda wozikalipira. Ndikaona kuti pa bwalo palibe munthu, ndi kuseri kwa mpanda ndayang'anako, ndimakhala pa mwala wa kumanzere n'kugogoda pa bondo mbali ya matabwa aakulu, milomo nditatseka.